Dzino Limene Makolo Saliona

Kwathu ku Katete dzino silitchedwa matenda. Malungo ndi matenda, chifuwa ndi matenda, ngakhale mutu ukawawa masiku awiri anthu amabwera kudzakuzonda. Koma ukati dzino likuwawa, amakuyang'ana mwachisoni pang'ono, n'kukuuza kuti uvumate madzi amchere, kenaka amakupatsa khasu lako. Ndipo pa nkhani ya mano tili ndi mankhwala amodzi chabe: kuzula. Likawawa, zula. Likabooka, zula. Munthu akabwera kuchokera kuchipatala atalumira thonje, palibe amene amafunsa kuti adokotala apeza chiyani. Timangofunsa kuti, "Azula angati?"

Ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina muno mu Lusaka, ndipo chaka chilichonse ndimalemba pa bolodi kuti munthu wamkulu ali ndi mano 32. Ndikatero ndimauza ana kuti aliyense awerenge ake ndi lilime. Kalasi imakhala zii, milomo ikungoyendayenda ngati ya ng'ombe zobzikula. Ambiri amapeza 28. Chaka china mnyamata wa kumbuyo anaimika dzanja n'kufunsa, "Ba Sir, ine nili na 28 chabe. Yenangu four anaba ndani?"

Palibe anaba. Mano anayi amenewo amakhala akali m'fupa, akuyembekeza nthawi yawo. Mwana amayamba ndi mano a mkaka 20. Akafika zaka 6, kumbuyo kwa mano a mkakawo kumatuluka dzino lalikulu lotafunira, popanda lina kuguluka. Pa zaka 12 kumatuluka lachiwiri kumbuyo kwa loyambalo. Lachitatu, lomwe ndi lomaliza, limabwera nthawi zambiri pakati pa zaka 17 ndi 25, limodzi pa ngodya iliyonse ya mkamwa: awiri kumwamba, awiri kumunsi. Anthu ena amakhala nawo atatu, ena awiri, ena samera nawo n'komwe, ndipo amenewa sikuti ndi odwala. Ine ndinamera atatu. Lachinayi silinapangike.

M'chizungu amalitcha wisdom tooth, dzino la nzeru, kamba koti limabwera munthu atayamba kukhwima maganizo. Ku Turkey amati dzino la zaka 20. Ku Korea amati dzino la chikondi, poti limatuluka pa msinkhu wa chibwenzi choyamba ndipo limawawa chimodzimodzi. Koma dzina lomwe limandigwira mtima ndi la ku Japan, oyashirazu, kutanthauza dzino limene makolo salidziwa. Mano ena onse amayi ako anawaona akutuluka. Anakusekerera, anakuuza zochita ndi dzino loguluka. Ili lokha limakupeza utachoka pakhomo: uli ku boarding, uli pa koleji, kapena ukusunga kachipinda ka lendi ku Chawama kapena ku Mtendere, ndalama ya ndiwo ikuvuta. Limabwera pa nthawi imene palibenso munthu wokuyang'ana mkamwa.

Vuto lake ndi lomwe limagwera munthu wofika mochedwa pa minibasi. Mipando yatha. Nsagwada ikakhala yaifupi, dzinoli limasowa potulukira, ndiye limapanikizika kumbuyo kwa mnzake.

Ambuya anga, amayi awo a amayi, anamwalira ali ndi mano pafupifupi onse, operepeseka pamwamba ngati mwala woperera, koma oima mwadongosolo mpaka kumapeto. Iwo anakula akutafuna chiwaya, nzimbe, misale, nshawa zokazinga, nyama yofutsa ndi mbewa zouma. Ife takula ndi mabanzi oviika mu tiyi, ufa woyera wa breakfast, zitumbuwa, maheu ndi ma jiggies. Fupa limakula molingana ndi ntchito yomwe likugwira, makamaka pa ubwana. Mu 2004 Daniel Lieberman wa pa Harvard ndi anzake analera mbira, zija zokhala m'matanthwe, zina pa chakudya cholimba, zina pa chophika chofewa. Zodya zofewazo mafupa a kumaso ndi a nsagwada sanakule ngati a zinzake. Mu 2011 Noreen von Cramon-Taubadel anayerekeza nsagwada za magulu 11 a anthu a m'mayiko osiyanasiyana, n'kupeza kuti anthu olima ali ndi nsagwada zazifupi kuposa anthu odalira kusaka ndi kutola zakuthengo. Mtundu wa kubanja nawo uli ndi mbali yake. Pali mabanja a nsagwada zazing'ono ndi mano akuluakulu. Koma chimene tingatolepo n'chakuti mano athu akali a kukula kwa a makolo athu, pamene nyumba yowasungira ikucheperachepera.

Dzino losowa malo limagona m'njira zosiyanasiyana. Kawirikawiri limapendekera kutsogolo, mutu wake utatsamira pa dzino lachiwiri. Lina limagona chopingasa m'fupa ngati munthu wogona pa mphasa. Lina limapendekera kumbuyo, lina limaima bwinobwino koma osakwanitsa kuboola. Lovutitsa kwambiri ndi lija lotuluka theka, kachikopa ka nkhama katalivundikira pamwamba ngati chivundikiro cha poto. Pansi pa kachikopako pamalowa nsima ndi timinofu ta kapenta, mswachi sufikapo, tizilombo timaswana. Nkhama zimatupa, mkamwa mumanunkha, kutafuna kumawawa chifukwa dzino la kumwamba limaluma potupapo. Pakapita masiku ochepa zimaleka, munthu n'kumati ndachira. Pakapita miyezi iwiri zabweranso.

Msuweni wanga wa ku Sinda, mlimi wa thonje ndi nshawa, anali ndi zaka 24 pamene lake linayamba khalidwe limeneli. Munali m'nyengo yokolola, nthawi imene mlimi sataya tsiku. Anagula makapisozi anayi pa kantemba, ululu unachepa. Utabweranso anaika aspirin pa nkhama penipenipo, osadziwa kuti aspirin amawotcha mnofu n'kusiya chilonda choyera. Wina anamuuza kuti adonthezepo mafuta a mabuleki. Wina anati m'dzinomo muli kachirombo kofunika kukafukiza. Tsaya litatupa, nkhani inasintha: panayamba kunong'onezana za malire a munda omwe anakangana ndi munthu wina chaka chathacho.

Tsiku lachisanu sankathanso kutsegula kukamwa kuti supuni ilowe. Chotupacho chinatsika pansi pa chibwano, chinalimba gwa ngati thabwa, lilime linakankhidwira kumwamba, malovu ankangotayika chifukwa kumeza kunali kosatheka. Mkazi wake ndiye anadula nkhani zonse. Usiku womwewo anapempha njinga yamoto, anamukhazika pakati, mlamu wake atamugwirira kumbuyo, mpaka ku chipatala cha mishoni. Kumeneko anam'ng'amba pansi pa chibwano kuti mafinya atuluke, anamuika madiripu a mankhwala, ndipo anagona masiku 9. Dzinolo analichotsa. Lero ali moyo, ali ndi ana atatu ndi zipsera ziwiri pakhosi zomwe amazibisa ndi ndevu.

Matenda amenewa ali ndi dzina, Ludwig's angina, kuchokera kwa dokotala wa ku Germany Wilhelm Friedrich von Ludwig amene anawafotokoza mu 1836. Mafinya ochokera ku mano a kumbuyo a kumunsi amatsikira pansi pa lilime, kutupako n'kutseka njira ya mpweya. Munthu amafa chifukwa chobanika, ndipo zimatha kuchitika m'maola ochepa. Choncho izi muzisunge ngati nambala ya foni ya amayi anu. Munthu wabwinobwino amalowetsa zala zake zitatu zosanjikiza pakati pa mano a kutsogolo. Ngati ziwiri zikukana kulowa, ngati kutupa kwatsikira pansi pa chibwano kapena kwakwera kudiso, ngati thupi latentha, ngati kumeza malovu kukuvuta kapena mawu asintha, musayembekeze kuti kuche. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pa ngolo.

Zipatala kwathu zilipo. Ku Katete kuli St Francis, yomwe inayamba mu 1948 ndipo amayendetsa ndi a Anglican pamodzi ndi a Katolika. M'boma la Sinda muli chipatala cha mishoni cha Nyanje cha Reformed Church in Zambia. Zikakula, anthu amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, pafupifupi makilomita 90 kuchokera pa Katete. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012 chabe, ndipo ntchito zambiri za boma zikali kukula kumeneko. Pa nkhani ya mano, dziko lonse linayamba mochedwa. Kwa zaka zambiri muno tinkaphunzitsa ma dental therapist pa Dental Training School mu Lusaka, anthu odziwa kutsuka, kumata ndi kuzula mano, omwe ndiwo asenza ntchito yaikulu m'maboma. Wofuna kukhala dokotala wa mano weniweni ankapita kunja, mpaka mu 2011 pamene Copperbelt University inayamba maphunzirowa ku Ndola. Akatswiri owongola mano ndi mawaya, ma orthodontist, ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri ali mu Lusaka ndi ku Copperbelt. Mtunda umenewu, kuchoka ku mudzi kufika pa mpando wa katswiri, ndi umene unandigwera m'manja chaka chathachi.

Alongo anga anakwatiwa ku Vubwi, dziko la amfumu a Pembamoyo, komwe ukayenda pang'ono chakum'mawa uli m'Malawi, chakumwera uli m'Mozambique. Mwana wawo woyamba, mtsikana wa zaka 19, anali atangolemba Grade 12. Anandiimbira foni madzulo ena, mawu akutuluka ngati wavumata madzi.

"Atsibweni, labweranso. Kachitatu tsopano."

Ku kiliniki anali atamupatsa mankhwala kawiri konse, ndipo anamuuza mosabisa kuti mankhwala angoziziritsa, dzinolo lifunika X-ray. Nkhani ya msuweni wa ku Sinda inali ikali m'mutu mwanga. Ndinatumiza ndalama pa foni, anakwera motoka mpaka ku Chipata, m'mawa mwake basi: Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, mpaka ndinamulandira pa Intercity atamanga chitenje kumutu, tsaya la kumanzere lili tuu.

Kutupa kutaphwa, anamujambula X-ray ija yozungulira mutu, yoonetsa mano onse pa chithunzi chimodzi. Adokotala, mayi wodekha wosathamanga pokamba, anatembenuza kompyuta kuti tonse tione.

Kumanja, dzino lomaliza la kumunsi linali litagona chopingasa, mutu wake utaboola kale kadzenje m'mbali mwa dzino lachiwiri. Limenelo silinkamuwawa n'komwe. "Ili lichoke," anatero adokotala. "Likakhala, lidzapha mnzake, mudzataya awiri."

Kumanzere, komwe kunali ululu, nkhani inali ina. Panali mpata waukulu pamene panali dzino lija la zaka 6. Linabooka ali mwana, analizula ali ndi zaka 13. Dzino lachiwiri, posowa chotsamira, linali litagwera mumpatamo ngati mtengo wa mpanda wodyeka ndi chiswe. Kumbuyo kwake dzino lomaliza linali litapendekera kutsogolo, theka lili m'nkhama, koma lathunthu, lopanda bowo, mizu yake yabwino.

"Pali njira ziwiri, aphunzitsi," anatero. "Tingalizule. Ululu utha, ndipo palibe cholakwika pa njira imeneyo. Koma mbali iyi atsala ndi dzino limodzi lalikulu lotafunira, lopendekeka, ali ndi zaka 19. Njira ina n'kuika mawaya. Dzino lagwali tiliimike, tilikokere kutsogolo litseke mpatawu. Likasuntha, lomalizali lipeza malo, litulukemo m'nkhama, nalonso tiliwongole. Dzino lomwe likum'vutitsa lero lilowe m'malo mwa lomwe anataya."

Ndinaphunzitsa za mafupa zaka zambiri, koma apa ndinafunsa ngati mwana wa Grade 8 kuti dzino lozika m'fupa lingayende bwanji. Anafotokoza kuti dzino silinamatidwe ku fupa ngati msomali m'thabwa. Pakati pa muzu ndi fupa pali timinyewa tating'ono tomwe timaligwira. Ukalikankha pang'onopang'ono mosalekeza, fupa la kutsogolo limasungunuka, kumbuyo kumapangika latsopano, dzino n'kumasuntha, mwina milimita imodzi pa mwezi, ndipo ku nsagwada ya kumunsi, komwe fupa ndi lolimba, nthawi zambiri osafika n'komwe pamenepo. Nthawi zina amaboola kasikuluwu kakang'ono m'fupa kuti kakhale chikhomo chokokerapo, kuti mano a kutsogolo asabwerere m'mbuyo. Sanatilonjeze zakumwamba. Anati ntchitoyo ingatenge zaka ziwiri kapena kuposa, mtsikanayo azionekera pakapita milungu 4 mpaka 8 iliyonse, azitsuka mano mosamala kuposa kale, ndipo pamene dzino linazulidwa kale fupa limaphwa, mwakuti mpata wina sutsekeka wonse. Mtengo wake unaposa malipiro anga a miyezi ingapo.

Usiku umenewo tinaika foni pakati pa tebulo, alongo ndi alamu ali mbali inayo.

"Angozula, alongo," anatero alongo anga. "Ife tonse tili ndi magweru, kodi tafa? Nsima imadyeka ndi mbali imodzi."

Alamu anakamba mwaulemu koma molunjika. Ndalama imeneyo ndi matumba angati a feteleza? Ndi materemu angati a ku koleji? Ndipo mwana azichoka ku Vubwi mwezi uliwonse, nyengo ya mvula, msewu uja? Sindinawatsutse, chifukwa sanalakwe. Mankhwala amene amafuna kuti wodwala azikhala pafupi ndi dokotala zaka ziwiri, kwa munthu wa ku Vubwi ndi mankhwala a dziko lina. Mtsikana wa ku Kabulonga ndi mtsikana wa kwa Pembamoyo angakhale ndi X-ray yofanana, koma njira ziwiri zija zimakhala zotseguka kwa mmodzi yekha.

Mwini kamwa anali chete nthawi yonseyi. Nditamufunsa, anayang'ana pansi kaye.

"Atsibweni, chichotsereni dzino lija ndimatafunira kumanja kokha. Zaka 6. Tsopano akuti kumanjako nakonso kwabooka. Ine ndikufuna nzimbe ndizidya mbali zonse ziwiri ngati anzanga."

Tinaseka tonse, ngakhale a pa foni, koma nkhani inathera pamenepo. Kwa ife Achewa ana a mlongo wako ndi mbumba yako. Pamene ine ndinapeza malo pa yunivesite, atsibweni anga anagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zomwe ankalimira, chaka chimenecho n'kulima ndi ng'ombe yobwereka. Sanandilembere ngongole, koma ndimadziwa kumene iyenera kubwezedwa. Ndinauza alongo kuti mwana akhala kwa ine, afunefune koleji konkuno, ndalama ndizilipira pang'onopang'ono: ya chilimba cha kusukulu, ndi ya ana omwe ndimaphunzitsa Loweruka.

Sindikukamba izi kuti aliyense wa dzino lopanikizika athamangire mawaya. Njira imeneyi imayenera anthu ochepa, makamaka omwe anataya dzino lina lalikulu mbali yomweyo. Pali enanso omwe mizu ya dzino lawo yakumbatira mtsempha waukulu wa m'nsagwada. Kwa amenewo dokotala angalikoke kaye ndi mawaya kuti litalikirane ndi mtsemphawo asanalizule, kapena angadule mutu wokha n'kusiya mizu. Kwa ambiri a inu nkhani ndi yaifupi. Ngati latuluka bwino ndipo mswachi ukufikako, ndi dzino ngati ena onse. Ngati lakwiririka m'fupa, silikuwawa, silikuwononga mnzake, kawirikawiri amangolisiya n'kumaliyang'anira. Ku Britain bungwe la NICE linalangiza mu 2000 kuti asiye kuzula mano amenewa mwachizolowezi pamene alibe vuto. Koma ngati latupitsa nkhama kawiri kapena kuposa, kapena kamodzi koma koopsa, ngati labooka, ngati likuboola mnzake, kapena lapanga chotupa m'fupa, lichoke. Makapisozi a pa kantemba sachotsa kachikopa kaja. Amangozoloweretsa tizilombo mankhwala, kuti tsiku limene mudzawafune zenizeni asadzagwire ntchito.

Atsikana a m'kalasi mwanga amakonda kufunsa ngati n'zoona kuti dzino lomalizali ndi limene limakankha anzake mpaka a kutsogolo kusanjikizana. Ambiri amakhulupirira zimenezi, chifukwa zonse ziwiri zimachitika pa msinkhu umodzi. Koma mu 1998 Harradine ndi anzake ku Bristol anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anagawa achinyamata pawiri, ena n'kuwazula manowa, ena n'kuwasiyira. Patapita zaka pafupifupi 5, kusiyana kwa kusanjikizana kwa mano a kutsogolo kunali kochepa kwambiri, kosayenera kuzulira munthu dzino. Mano a kutsogolo a kumunsi amathinana tikamakula, ngakhale kwa anthu omwe sanamere dzino la nzeru n'limodzi lomwe.

Ndipo poti takamba za mawaya: ndawaona pa TikTok, ndawaonanso pa geti ya sukulu, mawaya a fasho a timphira ta mitundumitundu, omata munthu amene dzulo ankamata zikhadabo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Waya sadziwa kuti wamatidwa chifukwa cha chithunzi. Ukangokoka, dzino limasuntha, ndipo likasuntha popanda woliwongolera limatha kutuluka m'fupa, mizu kufupika, nkhama kuthawa. Aliyense wogwira mkamwa mwanu ayenera kukhala wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia. Kupempha kuona chikalata chake si mwano. Safunsa anadya phula.

La kumanja lija analichotsa poyamba. Anam'baya nyeleti ya dzanzi, anang'amba nkhama pang'ono, anapala kafupa kovundikira, dzinolo analidula zidutswa zitatu n'kuzitulutsa chimodzichimodzi, n'kusoka. Asanayambe anatichenjeza kuti mtsempha wopita ku mlomo wa m'munsi umadutsa pafupi ndi mizu, ndipo nthawi zina mlomo umakhala wadzanzi kwa milungu kapena miyezi, mwa apo ndi apo mpaka kalekale. Iye dzanzi linatha madzulo omwewo. Malamulo a kunyumba ndinawamata pa chitseko cha firiji: kulumira thonje mphindi 30, tsiku loyamba osachukucha mkamwa, osalavulalavula, osamwera pa kapaipi, kuyambira tsiku lachiwiri madzi ofunda amchere, modekha, phala, nthochi ndi mbatata yofewa. Chifukwa chake n'chakuti magazi oundana m'dzenjemo ndiwo bandeji. Akachoka, fupa limakhala pamtunda, ndipo pa tsiku lachitatu kapena lachinayi pamabwera ululu wofika mpaka kukhutu. Osuta fodya ndiwo amagwa m'mavuto amenewa kwambiri. Zikatero mubwerere kwa dokotala, ali ndi mankhwala oika m'dzenjemo. Kadzenje ka m'mbali mwa dzino lachiwiri anakamata chilonda chitapola.

Mawaya anaikidwa patapita miyezi iwiri. Sabata yoyamba analira, akuti mano onse akumveka ngati obwereka. Tsopano ndi mwezi wa 14. Dzino lomwe linagwa laima. Mpata umene kale unkalowa nsonga ya lilime watsala wongolowa kamtengo ka machesi. Dzino lomaliza lavula kachikopa kaja palokha, ndipo mwezi wathawu nalonso analimata kachitsulo kake. Kutupa sikunabwerenso. Ntchito sinathe, ngongole sinathe, ndipo iye ali pa koleji, akutsuka mano katatu pa tsiku ndi kamswachi kakang'ono kolowa pakati pa mawaya, akudandaula kuti chiwaya anamuletsa.

Mu August tinapita tonse kumudzi pa tchuthi, nthawi ya Kulamba, pamene Achewa a m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi Loweruka lomaliza la mweziwo. Alongo anabwera kuchokera ku Vubwi ndi mwana wawo womaliza, mnyamata wa zaka 7, amene tsiku lonse anali ndi switi kutsaya. Madzulo, fumbi la Gule litakhazikika, ndinamuitana kuti ayasamule, ndinayatsa tochi ya foni. Kumbuyo kwenikweni kumunsi, pa dzino lalikulu latsopano, panali kadontho kakuda m'kamgwalangwa ka pamwamba.

"N'la mkaka limenelo, liguluka lokha," anatero alongo.

Ndisanayankhe, mtsikana uja anagwada pafupi ndi amayi ake, anatsegula kukamwa, n'kuloza ndi chala pamene waya wadutsa.

"Amayi, si la mkaka. Ndi lomweli. Linatuluka ndili ndi zaka 6, tonse tinkati liguluka. Likanamatidwa nthawi imene ija, bwenzi atsibweni asakulipira zonsezi."

Alongo anayang'ana mkamwa mwa wamkulu, anayang'ananso mwa wamng'ono, osakamba kanthu. Lolemba m'mawa, asanakwere motoka ya ku Chipata, anadzera naye kwa a mano pa boma. Ntchito yake inatenga mphindi 20, popanda ngakhale nyeleti. Mnyamatayo anatuluka akunyambita pomatapo, akufunsa ngati tsopano angadye nzimbe.